Internship mu ofesi yoyang'anira anyanchito: zimene omaliza maphunziro amaphunzira kumeneko

Caka ciri conse acinyamata ambiri amatsiriza maphunziro a kayang'aniridwe ka anyanchito pa Copperbelt University ku Kitwe, Mulungushi University ku Kabwe, ndiponso pa makoleji a NIPA ndi Evelyn Hone mu Lusaka. Akalandira digiri kapena dipuloma, amapeza kuti zolengeza zambiri za nchito zifuna munthu amene anagwirako kale. Khomo limene ambiri amalowera ndi internship, ndiko kuti nthawi ya miyezi yowerengeka imene womaliza maphunziro amakhala mu ofesi ya kampani, bungwe kapena unduna wa boma, kuphunzira nchito m'manja mwa amene anaiyamba kale.

Internship isiyana ndi attachment. Attachment imacitika munthu akali pa sukulu. Wa internship sukulu anatsiriza. Cimene akusowa ndi kuzolowera nchito yeniyeni.

Nchito yoyang'anira anyanchito, imene m'maofesi imangochedwa HR, iri ndi lamulo lake muno mu Zambia. Bungwe la Zambia Institute of Human Resource Management linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano m'malo mwa lakalelo. Ogwira nchitoyi afunika kulembetsa ku bungweli ndi kukhala ndi ciphaso cake. Conco womaliza maphunziro acita bwino kufunsa za kalembetsedwe asanayambe kufunsira malo.

Masabata oyamba amathera pa mafaelo: kuona ngati faelo ya munthu ali yense iri ndi kontrakiti yosainidwa, nambala ya NRC, nambala ya NAPSA ndi mapepala a chuti. Ena amaiona monga nchito yonyozeka, koma mlandu wa nchito ukafika ku khoti, kawirikawiri cimene cimaweruza ndi pepala limene liri mu faelo, kapena limene mulibe.

Pamene pali phunziro lalikulu ndi pa malipiro. Wanchito amene alandira K5,000 pa mwezi, popanda zoonjezera zina, amadulidwa 5 peresenti ya NAPSA, imene ndi K250, ndipo womulemba nchito amaikapo K250 inanso. Ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ndi 1 peresenti mbali iri yonse, ndiye kuti K50 ndi K50. Msonkho wa PAYE umapita ku Zambia Revenue Authority. Palinso ndalama zimene wolemba nchito amalipira yekha, osadula wanchito: za Workers' Compensation Fund Control Board, zothandiza ovulala pa nchito, ndi 0.5 peresenti ya Skills Development Levy imene inayamba mu 2017. Za NAPSA ziyenera kutumizidwa pofika pa 10 mwezi wotsatira. Nambala imodzi ikalembedwa molakwika lero, mwini wake angadzadziwe patapita zaka zambiri, pa tsiku lokatenga penshoni, pamene amene analakwitsa anacoka kalekale.

Buku limene wa internship amatsegula kuposa ena onse ndi Employment Code Act ya mu 2019, imene inasonkhanitsa pamodzi malamulo angapo akale a za nchito. Mmenemo muli zakuti nthawi yoyesedwa pa nchito isapitirire miyezi 3, ngakhale ingaonjezedwe ndi miyezi ina 3. Chuti ca pa caka ciwerengedwa masiku 2 pa mwezi uli wonse. Mai amene wabereka ali ndi masabata 14, ndipo wanchito wamkazi ali ndi tsiku limodzi pa mwezi lopuma popanda kupereka cifukwa, lija lodziwika kuti Mother's Day. Kwa anyanchito ambiri a kontrakiti yopitirira caka cimodzi, gratuity siyenera kucepera 25 peresenti ya malipiro enieni a nthawi yonse ya kontrakiti. Uja wa K5,000 akatha zaka 2, yake ndi K30,000.

Lamulo lomweli linenanso kuti munthu asacotsedwe nchito popanda cifukwa comveka, ndipo woimbidwa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito ayambe wamvedwa. Pa milandu yotere wa internship kawirikawiri amapatsidwa kulemba zokambidwa. Apa ndi pamene amayesedwa pa kusunga cinsinsi, pakuti amaona malipiro a anzake, makalata a kucipatala ndi macenjezo amene ena analandira. Wa pakamwa popepuka sakhalitsa mu ofesi imeneyi, ngakhale atakhoza bwino motani ku sukulu.

Koma internship irinso ndi mbali yake yowawa. Malo ena amapereka kandalama ka basi ndi cakudya, ena sapereka kanthu, ndipo mwana wocokera ku Petauke kapena ku Lundazi amene alibe wacibale mu Lusaka zimamuvuta kupirira. Palinso olemba nchito amene amasinthasintha a internship pa desiki limodzi caka ndi caka, pamene desikilo lifunika wanchito wokhazikika. Kuyambira mu 2015 malamulo a Zambia aletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito imene ndi yokhalitsa, ndipo wophunzira HR ayenera kukhala woyamba kuzindikira pamene kuphunzira kwasanduka kugwira nchito kwaulere. Wokayika angakafunse ku ofesi ya Unduna wa za Nchito ya kufupi naye.

N'cifukwa cake kalata yoyambira iri yofunika. Ionetse tsiku loyamba ndi lotsiriza, dzina la womuyang'anira, ndalama imene adzalandira ngati iripo, ndi mbali za nchito zimene adzaphunzitsidwa. Amene auza wofunsira kuti ayambe watumiza ndalama pa foni kuti amupezere malo, ameneyo ndi wakuba. Pomaliza, wa internship apemphe kalata yaumboni yochula zimene anagwiradi, monga kukonza malipiro a anthu angati ndiponso kwa miyezi ingati, pakuti zimenezo ndizo adzafunsidwa pokafunsira nchito kwina.