Njira za alendo pa Mulanje zinalambulidwa ndi ocheka matabwa

Mlendo amene wanyamuka pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula kulowera ku Chambe nthawi zambiri amadzera njira ya Skyline. Ndi chikweza chosanyengerera munthu. Kwa maola atatu kapena anayi, mawondo amalira, thukuta limalowa m'maso, ndipo akatembenuka kuti apumeko amaona minda ndi midzi itayalana pansi kutali. Alendo ambiri amaganiza kuti njirayi anaikonzera iwo. Ayi ndithu. Pambali pake pankadutsa chingwe chachitsulo chotsitsira matabwa kuchokera pamwamba, ndipo amene anaipondaponda mpaka kuoneka bwino ndi amuna osenza matabwa pamutu, ambiri a iwo opanda nsapato.

Mbiri ya zokopa alendo pa Mulanje siingalekanitsidwe ndi mtengo umodzi, mkungudza. Ndiwo unakokera boma la atsamunda pamwamba pa phirili, ndiwo unamangitsa nyumba zomwe alendo amagonamo lero, ndipo ndiwo watsala pang'ono kutheratu pamene alendowo akuchuluka.

Phirili linali ndi eni ake kale azungu asanalione. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala m'munsi mwake ankakwera kukasaka nyama, kukafuna mankhwala, kukathira nsembe kukachita chilala, komanso kukabisala nthawi ya nkhondo. Iwo sankakwera kuti akaone malo. Ankadziwa kuti kumtundako ndi kwa mizimu, ndipo malamulo ake amanenedwabe mpaka pano: ukapeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha panjira, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko kupita nazo kumudzi. Pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe lero ana asukulu amasambira ndi kujambulitsa, akuluakulu ankapalemekeza ngati malo a mizimu ya makolo. Nsonga yaitali kuposa zonse, Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, anthu ankangoiyang'anira patali.

David Livingstone analiona phirili mu 1859 ali paulendo wake wa m'chigwa cha Shire. Patatha zaka makumi atatu, derali linali litasanduka bwalo la mikangano. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi unali njira ya amalonda a akapolo opita kunyanja ya mchere, ndipo mu 1893 boma la Harry Johnston linamangapo linga la Fort Lister kuti litseke njirayo. Mabwinja ake alipobe ku Phalombe, ngakhale kuti ndi alendo ochepa amene amapatuka kukawaona. Kum'mwera kwa phirili, komwe mvula imagwa yambiri, Henry Brown anadzala tiyi mu 1891, ndipo azungu a m'maesiteti ndiwo anadzakhala oyamba kukwera phiri pongofuna kupitidwa mphepo.

M'zaka zomwezo, Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe ankagwira ntchito pansi pa Johnston, anakwera phirili napeza nkhalango za mitengo italiitali yonunkhira. Anatumiza zitsanzo zake ku London, ndipo mtengowo unapatsidwa dzina la sayansi lakuti Widdringtonia whytei pomukumbukira iye. Chimene chinasangalatsa boma si kukongola kwake. Thabwa la mkungudza chiswe sichilidya, siliola msanga ngakhale litanyowa, ndipo limapalika mosavuta. Dziko lomwe linali kumanga maofesi, matchalitchi ndi nyumba za mabwana ku Zomba ndi ku Blantyre linali litapeza mgodi wa matabwa.

Kacheke kake kanali kowawa. Mtengo ukagwetsedwa ankaugoneka pamwamba pa dzenje, munthu mmodzi n'kuima pamwamba, mnzake n'kulowa pansi, awiriwo n'kumakokerana sowo tsiku lonse, utuchi ukugwera wapansiyo kumaso. Thabwa likatha, wina ankalisenza pankhata n'kutsika nalo phiri, maola angapo, pamiyala yoterera. Njira zambiri zomwe zili pa mapu a alendo lero zinayamba motero.

Mu 1927 boma linalengeza kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa. Alangizi a zankhalango anafunika pogona akamayendera mitengo ndi kulambula njira zotchinga moto, choncho pazidikha za pamwamba panamangidwa tinyumba tamatabwa a mkungudza womwewo. Anadzalanso paini wochokera ku Mexico, makamaka ku Chambe, poganiza kuti athandiza. Painiyo anakula msanga, nafalikira yekha mpaka kuyamba kulanda malo a mitengo yachilengedwe, ndipo patapita zaka zambiri panalowa ndalama zochuluka pomuzula.

Dzina la Mulanje linamveka kunja chifukwa cha ngozi. Mu 1949, mlembi wa ku South Africa, Laurens van der Post, anatumidwa ndi bungwe la Colonial Development Corporation kudzaona ngati Mulanje ndi Nyika angathandize pa ulimi ndi ziweto. Amene anamuperekeza m'phirimo anali mlangizi wachinyamata wa zankhalango, Fred France, yemwe ankakhala ku Chambe ndi mkazi wake ndi khanda. Mvula inawapeza ali mbali ya mtsinje wa Ruo. Poyesa kuwoloka kamtsinje kodzaza, France anakokoloka ndi madzi nagwera kuphompho. Van der Post analemba nkhaniyi m'buku lake la Venture to the Interior, lomwe linatuluka mu 1952 n'kugulidwa kwambiri ku Britain, ngakhale kuti m'bukumo anamusintha dzina mnyamatayo. Kanyumba kotchedwa France's Cottage ku Chambe kamakumbutsa za iye.

Chaka chomwecho cha 1952 kunakhazikitsidwa kalabu ya okwera phiri la Mulanje, yomwe lero imatchedwa Mountain Club of Malawi. Kalabuyi inagwirizana ndi nthambi ya zankhalango pa kasamalidwe ka tinyumba tija, n'kuikamo mapoto, mbale ndi matiresi. Apa ndi pomwe kukwera Mulanje kunasanduka chisangalalo cholongosoka. Munthu akhoza kugona ku Chambe lero, mawa ku Thuchila, mkuja ku Chinzama kapena ku Sombani, n'kukatsikira ku Fort Lister. Wina n'kusankha Lichenya, Minunu kapena Madzeka. Kanyumba ka Chisepo kanabwera pambuyo, ndipo ndi pomwe ambiri amagona asanalawirire ku Sapitwa. Pa kanyumba kalikonse pamakhala mlonda amene amatema nkhuni, kutunga madzi ndi kukoleza moto, ndipo amene anafikapo madzulo a mwezi wa June, zala zitauma ndi chisanu, amadziwa kufunika kwa bambo ameneyu.

Okwera matanthwe ndi zingwe nawonso anapeza chawo. Khoma la kumadzulo kwa Chambe, lomwe limaoneka bwino munthu akamachokera ku Blantyre, ndi thanthwe la mamita pafupifupi 1,700, ndipo limawerengedwa kuti ndi lalitali kuposa ena onse okweredwa motere mu Africa. Frank Eastwood, mmodzi wa amene analimbana nalo, anatulutsa buku lolongosola njira za m'phirili mu 1979, ndipo okwera phiri akhala akulidalira kwa zaka zambiri.

Koma m'mabuku onsewa muli anthu ena amene amangotchulidwa mwa chiwerengero: onyamula katundu akutiakuti. Palibe ulendo wa mzungu, kuyambira wa Whyte mpaka wa Van der Post, umene unatheka popanda amuna a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, odziwa pomwe pali madzi, pomwe mwala umaterera, ndi mtambo umene ukutanthauza kuti tibwerere. Mayina awo sanalembedwe, ndipo palibe kanyumba kotchedwa dzina la mmodzi wa iwo.

Chinthu chimene chinawaika poyera ndi mpikisano wa Porters Race, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa mapotala ndi operekeza alendo okhaokha. Umachitika nyengo yozizira, kawirikawiri mu July. Othamanga amanyamuka ku Likhubula, kukwera mpaka pamwamba, kudutsa zidikha n'kutsikanso, mtunda wa makilomita oposa 20. Ulendo womwe mlendo wamba amaugawa masiku awiri, opambana amaumaliza pa maola awiri ndi mphindi zochepa, ena atavala nsapato zapulasitiki, ena opanda nsapato. Lero mpikisanowu ndi wotsekukira aliyense, amayi ndi abambo, a kuno ndi akunja, koma obwera ndi nsapato zodula kawirikawiri amangoona misana ya ana a m'mudzi.

Luso la anthu amenewa si lothamanga lokha. Pakati pa May ndi August, chiperoni chimatha kufika mosagogoda kuchokera ku Mozambique: nkhungu yokhuthala ndi mvula yowaza, zomwe zimatha kukhala masiku angapo. Munthu saona ngakhale mwala womwe uli patsogolo pake, ndipo njira ya ku Sapitwa ndi yodutsa m'mipata ya miyala ikuluikulu momwe kusochera n'kosavuta. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezekenso. Mu July 2009, Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha. Thupi lake linapezeka patatha pafupifupi milungu itatu, atafa ndi kuzizira. Mnzake, Fellipe Barbosa, anapanga filimu ya ulendowu yomwe inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo ena mwa anthu amene anakumana ndi Buchmann anasewera okha mbali zawo. A m'midzi amati mizimu inakwiya, a zanyengo amati ndi nkhungu ndi chisanu. Onsewo amathera pa langizo limodzi, lakuti ku Sapitwa munthu sapita wopanda womuperekeza.

Nanga mkungudza uja? Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi, koma ulemuwo sunautchinjirize ku nkhwangwa. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, ndiye ena anayamba kuumitsa dala yaiwisi poisenda makungwa kapena kuitentha. Moto wolusa wa chaka ndi chaka unkapha timitengo tating'ono. Bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo osungirako zachilengedwe mu 2000, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linayamba ntchito m'nyengo yomweyo, komabe kudula kozembera kunapitirira. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti alendo enieniwo anathandizira: timabokosi tonunkhira tomwe amagula m'munsi mwa phiri ngati chikumbutso n'topangidwa ndi mtengo womwewo. M'zaka zotsatira kafukufuku uja, anthu a m'midzi yozungulira afesa ndi kudzala mbande mazanamazana a masauzande, koma mkungudza umakula mwaulesi, ndipo wodzala lero sadzauona utafika msinkhu wa imene Whyte anaipeza.

Kutha kwa mitengo si nkhani ya alendo okha. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Phalombe imachokera m'phirili, ndipo ena mwa madzi omwe amatuluka m'mipopi ya ku Blantyre amatengedwa ku Likhubula. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu March 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anasiya zipsera zoonekera patali m'mbali mwa phiri, atakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Palinso miyala ya bauxite ya ku Lichenya, yomwe inadziwika kale m'zaka za m'ma 1920, ndipo nkhani yofuna kuikumba imangozima n'kuyakanso.

Mu July 2025, UNESCO inavomereza phiri la Mulanje kukhala limodzi mwa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, lachitatu m'Malawi pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chochititsa chidwi n'chakuti silinalowe chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa kapena khoma la Chambe. Linalowa chifukwa cha chikhalidwe: mizimu, nsembe ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, zomwe mabuku a okwera phiri ankazitenga ngati nthano zokometsera ulendo.

Okwera nawonso asintha. Loweruka m'mawa ku Likhubula kumafika maminibasi a magulu a achinyamata, a kumpingo ndi a kuntchito ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ena ongofika pa Dziwe la Nkhalamba, ena ofuna chithunzi cha pa Sapitwa choika pa Facebook. Amene akukonza ulendo wotere atenge womuperekeza wa pa ofesi ya zankhalango, amulipire mtengo wake wonse osanenerera, anyamule chovala champhepo ngakhale kunja kutawala, ndipo akamuonetsa kabokosi ka mkungudza pobwerera, akasiye pomwepo.