Chingwe Chimene Chinawongola Miyala ya ku Egypt

Zaka zoposa 4,500 zapitazo, amisiri a ku Egypt anamangira mfumu Khufu piramidi yaikulu ku Giza. Mbali iliyonse ya maziko ake ndi yotalika mamita pafupifupi 230, komabe mbali zinayizo zimasiyana ndi masentimita ochepa chabe. Luso lotere la anthu a m'dzikolo linkatsamira pa chida chosaoneka ngati kanthu: chingwe.

Zithunzi zosemedwa pa makoma a akachisi awo zikuonetsa mfumu ikukhoma zikhomo ndi kukunga chingwe maziko asanakumbidwe. Posalaza mwala, mmisiri ankatenga timitengo titatu tofanana msinkhu. Tiwiri ankatiimika m'mphepete, chingwe chitalumikiza nsonga zake, ndipo kachitatu ankakayendetsa pakati. Pamene kakwera kupitirira chingwe, ankadziwa kuti pafunika kusemanso. Ojambula nawo ankaviika chingwe mu utoto wofiira, n'kuchimenyetsa pakhoma kuti chisiye mzere wowongoka.

Iwo anazindikira kuti diso limanyenga, koma chingwe chokungika bwino sichikhota. Mmisiri woyala njerwa lero akuyenda m'mapazi awo. N'chifukwa chake amasankha chingwe chopyapyala, cholimba ndi chopanda mfundo, amachichirikiza pakati khoma likakhala lalitali kuti chisagwe mimba, ndiponso salola njerwa kuchikankha. Njerwa imodzi ikachisuntha, mzere wonse umapotoka, ndipo khoma lopendama limaika pachiswe banja logona m'nyumbamo.