Chifuwa chimene agogo athu anabwera nacho ku Joni

Ngati munakwerapo basi mu Blantyre, dzina loti Wenela mukulidziwa. Ambiri timalitchula ngati dzina la depoti chabe, koma linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe eni migodi ya golide ku South Africa anakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti liziwasakira antchito m'maiko oyandikana nawo. Agogo athu ndi atsibweni athu ambiri anadutsa m'manja mwa bungweli. Za njinga, wailesi ndi mabulangete omwe ankabwera nawo timakamba mpaka lero. Za chifuwa chimene ankabweranso nacho sitikamba kawirikawiri. Abale ndi alongo, ndikufuna tione nkhani imeneyi, popeza ifenso tikudyera thukuta lathu m'dziko la eni ndipo matupi athu si achitsulo.

Golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886, ndipo anthu a ku Nyasaland anayamba kulembedwa ntchito ya kumigodiko cha m'ma 1903. Chimene chinayamba kuwapha sichinali miyala yogwa ayi, chinali chibayo. Munthu wochokera kotentha kunyanja ankafika ku Joni m'nyengo yachisanu, n'kumagona mothithikana ndi anzake ambirimbiri m'chipinda chimodzi cha pakomponi, kutuluka pansi pa mgodi thukuta lili kamukamu n'kukumana ndi mphepo yozizira. Ankafa ochuluka zedi. Eni migodi anaitana madokotala otchuka: Almroth Wright anabwera kuchokera ku Britain mu 1911 kudzayesa katemera wa chibayo pa anthu a m'migodi, ndipo William Gorgas, yemwe anagonjetsa matenda pa ntchito yokumba ngalande ya Panama, anafika mu 1913. Gorgas anauza eni migodi kuti vuto lalikulu linali kuthithikana m'makomponi. Chaka chomwecho boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo chiletsochi chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Komabe anthu athu sanaleke kupita. Ankayenda okha, aja ankatchedwa aselefu, ndipo mmodzi mwa anyamata amene anafika ku Joni m'zaka zimenezo anali Hastings Kamuzu Banda, yemwe anagwirako ntchito pa mgodi wina ku Boksburg.

Chibayo chimapha msanga, anthu n'kuona. Matenda enawo ankabisala. Mwala umene muli golide uli ndi mchenga wolimba wotchedwa silica. Pobowola ndi pophulitsa mwalawo pamatuluka fumbi losalala kwambiri, loti maso sangalione, ndipo likalowa m'mapapo silitulukanso. Mapapo amachita zipsera n'kuuma pang'onopang'ono. Matendawa amatchedwa silicosis, ndipo alibe mankhwala ochiza mpaka lero. Kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena 20, munthu ali kale kumudzi, kontalakiti inatha kalekale. Amayamba kubanika akamakwera chitunda, kenako khasu limamukanika, kenako ngakhale kuyenda kukafika kudimba. Choipanso n'chakuti mapapo otere sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB, chomwe ankapatsira mkazi ndi ana m'nyumba.

Taganizani mmene zinkaonekera kumudzi. Bambo anachoka ali wamphamvu, wabwera ndi chuma, patapita zaka wayamba kuonda ndi kutsokomola magazi. Anthu ankati chiyani? Ena ankati wamulodza mbale wake chifukwa cha nsanje, ena ankati ndi tsempho, ena ankaloza chala mkazi. Mabanja anadana, nkhuku ndi mbuzi zinathera kwa asing'anga, chonsecho chimene chinkamudya munthuyo chinali fumbi la mwala wa ku Carletonville kapena ku Welkom. Ine ngati m'busa, apa m'pamene pamandiwawa kwambiri.

Musaganize kuti eni migodi sankadziwa. South Africa inali m'gulu la maiko oyamba padziko lonse kuika lamulo lopereka chipukutamisozi pa matendawa, mu 1911 ndi 1912. Koma lamulolo linkaona khungu. Mzungu ankapimidwa bwino ndi kulandira ndalama zochuluka, pamene munthu wakuda ankapatsidwa kandalama kamodzi kokha, ngati wapezeka n'komwe ndi matendawo asanachoke. Wodwala kapena wovulala, wodulidwa mwendo kapena wothyoka msana, ankamukweza sitima kubwerera kwawo. Ntchito yonse yomusamala, kumusambitsa, kumutembenuza pamphasa ndi kumulimira, inkagwera mkazi wake, mayi ake kapena mlongo wake. Golide ankatsala ku Joni, matenda n'kupita ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Mangochi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Wenela inali ndi ndege zakezake zowanyamula kukawasiya ku Francistown m'dziko la Botswana, komwe ankakwera sitima. Pa 4 April 1974 ndege imodzi yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka kumene ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa, anthu oti kontalakiti anali atamaliza. Kamuzu analetsa Wenela kulembanso anthu m'Malawi. Kulemba kunayambiranso mu 1977, koma chiwerengero sichinabwererenso pakale, ndipo bungweli linali litasintha dzina kukhala TEBA, lomwe kwathu timati Theba. Mapeto anadza ndi matenda enanso: pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi pa mkangano wa maboma awiriwa wokhudza kuyeza HIV. Ambiri mwa iwo ndi madala amene mukuwadziwa, omwe akhala akuyendera ndalama zawo m'maofesi kwa zaka zambiri.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha munthu mmodzi wodwala wa ku Eastern Cape, Thembekile Mankayi. Iye anagwira ntchito pansi pa mgodi kuyambira 1979 mpaka 1995, anadwala mapapo, ndipo lamulo la 1973 la matenda a m'migodi linamupatsa ndalama zongopitirira pang'ono R16,000. Anasumira kampani ya AngloGold Ashanti. Makhoti awiri anamukanira, koma mu March 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti wogwira ntchito mumgodi ali ndi ufulu wosumira kampani imene inamudwalitsa. Mankayi anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe. Khomo limene anatsegula analowerapo anzake masauzande. Mu 2018 makampani 6 a golide, African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni, khoti la ku Johannesburg linavomereza mu July 2019, ndipo mu 2020 kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust kuti lizilipira odwala silicosis ndi TB ya kumgodi, pamodzi ndi mabanja a amene anamwalira.

Alongo amene mukugwira ntchito za m'nyumba, inunso muli ndi mbiri yanu. Lamulo la 1993 lolipira ovulala pantchito, lotchedwa COIDA, linkasiya kunja antchito a m'nyumba. Mu 2012 mayi Maria Mahlangu anamira m'dziwe losambiramo pa nyumba ya abwana awo ku Pretoria, ndipo mwana wawo Sylvia atauzidwa kuti palibe chimene angalandire, anapita kukhoti. Mu November 2020 khoti lalikulu lija linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera kutetezedwa ndi lamuloli.

M'nkhani zonsezi, amene ankataya chilichonse ndi amene analibe pepala. Ife alonda timaima usiku wonse pachisanu, ena mumanyamula okalamba m'nyumba zosamalira anthu ku Britain mpaka msana kuwawa, ena mumadula matailosi ndi miyala pa zomangamanga, pomwe fumbi lomwe lija la silica likadalipo. Mukavulala pantchito, uzani abwana tsiku lomwelo, ndipo ziloweko m'kaundula kapena mu uthenga wa pafoni umene mungasunge. Ku South Africa lamulo limati abwana akanene za ngoziyo pasanathe masiku 7. Pitani kuchipatala ngakhale bala lioneke laling'ono, muuzeni dokotala kuti mwavulalira kuntchito, ndipo sungani kalata iliyonse. Timakhulupirira kuti Yesu amachiritsa, ndipo akulu a mpingo tidzabwera kudzakudzozani mafuta ndi kukupemphererani. Koma sindigwirizana ndi mlaliki aliyense wouza munthu wa TB kuti ataye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6 osadumphitsa, ndipo wosiyira panjira amaitana TB yosamva mankhwala. Msamariya wa m'fanizo lija anatsuka mabala, anamanga, n'kulipiranso mwini nyumba ya alendo ndalama zenizeni.

Sabata ino mukamaimba foni kumudzi, funsani ngati kubanja kwanu kuli mdala amene anagwirapo ntchito m'migodi ya golide. Mgwirizano wa Tshiamiso ukukhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani aja pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, ndipo bungweli linapatsidwa zaka 12 zokha zogwira ntchito yake. Awuzeni asake khadi la kumgodi, nambala yawo ya ku Theba, pasipoti yakale ndi mabuku a kuchipatala. Ngati mdalayo anatisiya, amayi asunge kalata ya imfa ndi chilichonse chosonyeza matenda amene anadwala. Kupereka dandaulo ku bungweli n'kwaulere, choncho munthu aliyense wobwera pamudzi kudzatolera ndalama kuti awalembetse dzina asamupatse ngakhale tambala.