Cimene cimagwetsa mphamvu ya ndalama za dziko

Ndalama ya dziko imanenedwa kuti yagwa pamene mphamvu yake yatsika kwambiri m'nthawi yocepa poiyerekeza ndi ndalama zakunja monga dola ya ku America. Kawirikawiri vutoli limayamba pamene dziko likugula zinthu zambiri kunja koposa zimene ligulitsa, ndipo likukwirira mpatawo ndi nkhongole.

Citsanzo codziwika ndi ca dziko la Thailand. Kwa zaka zambiri boma linasunga mtengo wa ndalama yao, baht, pafupifupi 25 pa dola imodzi. Mabanki ndi makampani, pokhulupirira kuti mtengowo sudzasintha, anakongola madola ofunika kubweza msanga, nawaika m'nchito zomanga nyumba zimene phindu lake limacedwa. Amalonda atayamba kukayika, anathamangira kugula madola. Banki yaikulu ya dzikolo inagulitsa madola amene inasunga pofuna kuteteza baht, koma nkhokwe inapungulika, ndipo pa 2 July 1997 inaleka. Pofika January 1998 dola imodzi inali kugulidwa ndi ma baht oposa 50. Amene anakongola madola anapeza nkhongole yao yawirikiza kawiri osakongolanso kanthu. Vutoli linafalikira ku Indonesia, Malaysia ndi South Korea.

Kuno ku Zambia gwero lake linali lina. Mbali yaikulu ya ndalama zakunja imacokera ku mkuwa, motero mtengo wa mkuwa utatsika mu 2015, pa nthawi imene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anasowa, madola olowa m'dziko anacepa. Kwacha inayamba cakaco pafupifupi K6 pa dola, koma cisanathe inali itapitirira K12. Kukwera kwa mitengo ya zinthu kunapyola 20 peresenti, ndipo Bank of Zambia inakweza ciwongoladzanja kufika pa 15.5 peresenti.

Zizindikiro zimaoneka ngozi isanafike. Akatswiri a zacuma amayang'ana ngati ndalama zakunja zosungidwa zingakwanitse kuitanitsa katundu kwa miyezi itatu, ndiponso ngati ziposa nkhongole yofunika kubweza m'caka cimodzi. Cizindikiro cina, cimene munthu wamba angacione yekha, ndi pamene mtengo wa dola kwa osintha ndalama mwamseri usiyana kwambiri ndi wa ku banki, ndipo eni nyumba ayamba kufuna lendi m'madola. Zikafika apo, mawu olimbikitsa ocokera kwa nduna sathandiza kwenikweni, cifukwa aliyense afuna kusintha ndalama zake mnzake asanatero.