Wankie: Mgodi wa Malasha Umene Unameza Ana a Kunyanja

Kale Achewa ankasungunula okha chitsulo m'ng'anjo zadothi, moto wake uli wa makala a mitengo. Makasu amene analima minda ya m'mbali mwa nyanja ya Nkhotakota ankachokera m'manja mwa osula a konkuno, ndipo mabwinja a ng'anjo zoterezi akuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Koma boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene unkafuna ndalama osati khasu, zidzukulu za osulawo zinayamba kulondola moto wina, kutali kutsidya kwa Zambezi.

Mu 1895 Mjeremani wotchedwa Albert Giese, atamva mbiri ya miyala yakuda imene imayaka, anakhoma zikhomo zake m'dziko la mfumu Hwange, ku Southern Rhodesia. Lilime la Azungu linapotoza dzinalo kukhala Wankie, ndipo antchito nawo analipotozanso, nkumati Wangi Kolia. Njanji yochokera ku Bulawayo itafika kumeneko mu 1903, mgodiwo unakula msanga. Malasha ake ndiwo ankayendetsa sitima zapamtunda, ndiwo ankasungunula mkuwa ku Northern Rhodesia, ndipo pambuyo pake anakolezanso ng'anjo zikuluzikulu za chitsulo ku Redcliff, pafupi ndi Kwekwe.

Ntchito yotereyi inkafuna manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo anachokera ku Nyasaland. Oyamba ankapita wapansi, ulendo wa masabata, kamba ali pamutu. Ena anatengedwa pa chibalo. A m'zaka zapambuyo anakwera malole a ulere ndi a Mthandizi. Zaka zoyambirira zinali zowawa ndithu: chakudya chinali chosakwanira, ndipo chibayo ndi matenda otupitsa nkhama anapha anthu ochuluka m'makomboni. Amene sanabwerere anapatsidwa dzina limene mudzi uliwonse wa kunyanja umalidziwa, lakuti machona. Komatu si onse anachona chifukwa choiwala kwawo. Ena manyazi obwerera chimanjamanja ndiwo anawamanga miyendo. Ngakhale zinali choncho, chinenero chawo, mapemphero awo ndi magule awo sanazisiye m'njira.

Sanalinso anthu ongogonjera. Mu February 1954 antchito zikwizikwi ananyanyala ntchito pa Wankie, mpaka nduna yaikulu ya dzikolo, Garfield Todd, inatumiza asilikali.

Tsiku limene silingaiwalike ndi la 6 June 1972. M'mawa wa tsikulo, nthawi itangopitirira 10 koloko, mu mgodi wachiwiri munaphulika. Mpweya woyaka umene umabisala m'malasha unagwira moto, ndipo motowo unayatsa fumbi la malasha limene linali mbwee m'njira zonse za pansi. Fumbi lotere likayaka limadzutsa fumbi lina patsogolo pake, kotero kuphulikako kunathamanga mgodi wonse munthu asanaponye n'komwe phazi. Ambiri amene sanafe ndi moto anafa ndi mpweya wapoizoni umene unatsalira. Onse pamodzi anafa anthu 427, ochokera m'maiko ambiri a chigawo chino, ndipo 37 mwa iwo anali Amalawi. Opulumutsa anzawo analimbana ndi utsi kwa masiku atatu, kenaka akuluakulu a mgodi anagamula kuti khomo litsekedwe, mitembo yoposa 400 ili momwemo.

Kwa Mchewa, amene sakhazikika mtima asanaone manda a mbale wake, chigamulo chimenechi chinali imfa yachiwiri. Mabanja analira maliro opanda mtembo, opanda dothi loti aponye m'dzenje.

Tauniyo inabwezeredwa dzina lake la Hwange mu 1982, ndipo malasha akukumbidwabe. Chaka chilichonse pa 6 June, amasiye ndi zidzukulu za omwalirawo amasonkhana pa chikumbutso cha Kamandama, pamwamba pa mgodi wotsekedwa uja.