Chingwe Chimene Akatswiri Ankachiseka

Kumpoto kwa chilumba cha Maui, ku Hawaii, kuli kachigwa kotchedwa Maliko. Mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa ikakula masana, anthu amatsikira kumeneko ndi matabwa aatali, n'kuimirira pamwamba pake nkhafi ili m'manja. Salimbana nayo mphepoyo. Amaifulatira, iyo n'kumawakankha pamodzi ndi mafunde mpaka kudoko la Kahului, mtunda wa makilomita pafupifupi 15. Masewera amenewa ndimawakonda, ndipo pa zida zake zonse chimene ndimachilemekeza koposa ndi chingwe chomangira thabwa kumwendo.

Kale chingwechi kunalibe. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ku Waikiki, John Ah Choy ndi ana ake Leroy ndi Bobby ankapalasa ataimirira kuti aziona bwino alendo amene ankawaphunzitsa kukwera mafunde, ndiponso kuti aziwajambula. Zonsezo zinkachitikira pafupi ndi gombe. Thabwa likapulumuka, mwini wake ankasambira n'kukalitola kumchenga.

Mu 1971 Pat O'Neill wa ku Santa Cruz, ku California, anamangirira thabwa lake kudzanja ndi mphira wa kuchipatala. Akatswiri anamuseka, amvekere chingwe ndi cha anthu osadziwa kusambira. Chinalinso ndi vuto lenileni: mphirawo unkatamuka kwambiri, kenako n'kubweza thabwa mwamphamvu kwa mwini wake. Bambo ake a Pat, a Jack O'Neill, anaonongeka diso lakumanzere pa ngozi yotere. Koma anthu sanachitaye. Anasintha zopangira, nachisamutsira kumwendo, mpaka chinakhazikika.

Kufunika kwake kunaonekera bwino pamene Laird Hamilton ndi Dave Kalama anatsitsimutsa luso lopalasa choimirira ku Maui chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu n'kuyamba kulowa nalo kutali ndi mtunda. Thabwa la ulendo wotere limapitirira mamita anayi, koma ndi lopepuka. Ukagwa, iwe umatsala m'madzi mutu wokha uli pamwamba, pamene thabwa lonse lili pamphepo, ndipo limagubuduzika mothamanga kuposa mmene munthu aliyense angasambirire. Amene anaona mwera ukutenga bwato lopanda munthu pa nyanja ya Malawi akudziwa zimene ndikunena.

Anthu a ku Hawaii ali ndi chilonda chakale pankhaniyi. Mu Malichi 1978 ngalawa yotchedwa Hokule'a inagubuduzika kufupi ndi chilumba cha Molokai ili pa ulendo wa ku Tahiti. Eddie Aikau, amene ntchito yake inali yopulumutsa anthu omira ku Waimea Bay, anatenga thabwa lake kuti akaitane thandizo ku Lanai. Anavula jekete yoyandamitsa chifukwa inkamutchinga popalasa ndi manja. Anzake onse amene anakakamira ngalawa yogubuduzikayo anapulumutsidwa, koma Eddie sanapezekenso. Anali ndi zaka 31. Sindimuweruza, pakuti anapita chifukwa chokonda anzake. Ndimangoona kuti ngati nyanja inatenga munthu wodziwa madzi chotero, enafe tilibe chonyadira. Mpikisano wa matabwa wodutsa pakati pa Molokai ndi Oahu, umene unayamba mu 1997 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 51, umalamula kuti wopikisana aliyense akhale ndi boti lomuperekeza.

Malamulo a boma anabwera pambuyo. Mu 2008 asilikali oyang'anira magombe a United States anagamula kuti thabwali likatuluka m'malo osambira liziwerengedwa ngati bwato, choncho likhale ndi jekete yoyandamitsa ndi wezulo. Ambiri ankangomangirira jeketeyo pathabwa osaivala, kuiwala kuti thabwa likathawa limapita nayo. Mu Ogasiti 2015 mwamuna wina wochokera ku Florida anamira mumtsinje wa Columbia, pafupi ndi Hood River, akukonzekera mpikisano. Anagwa mphepo ili pachimake, alibe chingwe kumwendo, ndipo thabwa linamusiya.

Taonani tsono zimene zinachitika ku Galway Bay, ku Ireland, mu Ogasiti 2020. Atsikana awiri apachibale anatengedwa ndi mphepo yochokera kumtunda madzulo. Anali atavala zoyandamitsa. Anamangiriza matabwa awo pamodzi, osawasiya, kenako anagwira choyandama cha msampha wa nkhanu. Msodzi wina ndi mwana wake anawapeza amoyo patapita maola pafupifupi 15.

Komabe chingwe si chithumwa. Mu Okutobala 2021 ku Haverfordwest, ku Wales, kunachitika ngozi pachipupa chotchinga madzi a mtsinje wosefukira, imene inapha anthu anayi opalasa pamatabwa. Ofufuza anapeza, mwa zina, kuti gululo silinatsatire malangizo a m'madzi othamanga, akuti munthu avale choyandamitsa ndi chingwe cha m'chiuno chomasuka ndi dzanja limodzi. Chingwe chapakakolo chikakodwa mumtsinje, madzi amakugoneka mwendo uli kumtunda, ndipo dzanja silifikako kuti umasule.

Ndiye ine, thabwa lisanakhudze madzi, ndimayamba ndagwada pamchenga. Ndimagwira kachingwe kakang'ono kamene kamalumikiza chingwe chachikulu ndi thabwa, chifukwa dzuwa ndi mchere zimakadya mwakachetechete: kunja kamaoneka bwino, koma ukakapotokola ulusi umayoyoka. Ndimatsegula chomatira chapamwendo n'kuchotsamo mchenga, pakuti chikadzaza chimamatuka funde likangokoka. Ndimagwedeza chipsepse chapansi kuti ndimve ngati bawuti yake yalimba, poti chikagwa thabwa limangozungulira osalunjika. Foni ndimaiika m'kathumba kosalowa madzi n'kuimangirira pathupi, osati pathabwa. Ndipo kumtunda ndimasiya munthu wodziwa kumene ndikatulukire ndi nthawi yake, amene angaimbire opulumutsa ndikachedwa.

Achinyamata ena amati zonsezi zimalemetsa ndi kuchedwetsa, monga ankanenera anthu amene anaseka Pat O'Neill. Ine ndimawayankha kuti chida chilichonse pamenepa chinabwera chifukwa wina anavulala kapena sanabwerere kwawo. Mabanja awo analira kale. Palibe chifukwa choti banja linanso lilire kuti tiphunzire zomwezo kachiwiri.