Ndowe za nkhumba zimene zinayatsa nyale ku China

M'zaka za m'ma 1920, Luo Guorui wa ku Shantou ankadandaula ndi kudula kwa palafini wochokera kunja. Anamanga thanki ya simenti yotsekedwa bwino n'kuthiramo ndowe ndi madzi. Zikawola popanda mpweya wakunja, zinkatulutsa gasi woyaka wa methane, woyatsira nyale m'malo mwa palafini. Mu 1929 anayambitsa kampani yake, koma nkhondo ya Japan ndi China imene inayamba mu 1937 inaigwetsa.

Nthawi imene imandikhudza mtima ndi ya m'ma 1970 ku Sichuan, dera la nkhumba zosawerengeka ndi nkhuni zosowa. Alimi ankakumba dzenje pansi pa khola, kulumikizako chimbudzi, n'kumanga denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Paipi inkapita kukhitchini, mayi n'kuphika mpunga maso osalira ndi utsi. Pofika 1978 maenje anali pafupifupi 7 miliyoni m'dziko lonse. Ambiri anamangidwa mothamanga ndi dothi, laimu ndi mchenga. Anang'aluka, gasi n'kuthawa, ndipo anasiyidwa. Apa mlandu ndimaupereka kwa akuluakulu amene ankafuna chiwerengero osaphunzitsa amisiri.

Kwa ine chuma chenicheni chinali phala lotsalira m'dzenjemo ndowe zikawola. Limatuluka fungo litachepa, mazira ambiri a njoka zam'mimba atafa, koma nayitrojeni akadalimo. Alimi a ku Ganzhou, m'chigawo cha Jiangxi, anaziona zimenezi m'ma 1990: khola pamtunda, dzenje m'munsi mwake, ndipo phalalo ankalithira m'minda ya malalanje m'malo mwa feteleza wogula.